Dasitala Ili M'chikwama

Lolemba, 10 Febuluwale

Kodi anayambitsa ndani lamulo loti ndale zizitsala pageti? Ahedi atikumbutsanso lero pamsonkhano: "Phunzitsani za boma, koma ndale ayi." Aphunzitsi onse kugwedeza mitu ngati agulo. Ine ndakweza mkono. Boma lopanda ndale tiliphunzitsa bwanji, si kuphunzitsa kusambira pamchenga kumeneko? Mphunzitsi mnzanga amene timawatcha a Masamu andiponda phazi kunsi kwa tebulo.

Ahedi: "Amayi, inu muli pa teremu yoyeserera. Zokhala kapena kupita, wonena ndine."

Ndi digiri yanga yonseyi! Ndapita m'kalasi ndili fuufuu, ndalemba pabolodi zilembo zikuluzikulu: KODI MTSOGOLERI AZIKHALA PAMPANDO MPAKA LITI? Belu lalira ndisanafotokoze. Mawa aona.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Amene waona ndine. Wailesi, mtsikana wa kutsogolo uja pakamwa pake sipazima, wayamba ndi "bambo anga amati..." Wina kumbuyo: "Bambo akowo amadya nawo!" Pang'onong'ono zikanafika pa zibakera.

Ndaichepetsa nkhani. Ndati za dziko tisiye kaye, tione m'kalasi momwemuno. Monitala wawo amamutcha Muyaya, ali pampando chiyambireni sekondale. Anamusankha ndani? Palibe akukumbuka, ngakhale mwini wake. Ndalengeza chisankho Lachinayi.

Muyaya wangonyamuka mwaulemu wake, watenga dasitala yofufutira pabolodi, waiika m'chikwama. "Madamu, katundu wa boma asagwe m'manja mwa otsutsa."

Ndiye funso langa likadali pompo. A Masamu alemba masamu awo molizungulira, akung'ung'udza.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Zipani zabadwa ziwiri, cha Pazenera ndi cha Kumbuyo. Wailesi akulonjeza mphepo kwa aliyense, mipando ya pazenera azisinthana. Muyaya akulonjeza kuti akapambana sadzamvanso phokoso la munthu aliyense mpaka mayeso. Mtsikana wina wasintha chipani kawiri isanakwane buleki, chifukwa cha chingamu. Ndikanakonda aphunzitsi anga a kuyunivesite akanaona. Dziko limasintha chonchi!

Kunyumba achemwali sanaseke. "Iwe, ntchito ikatha usadzalilire pa sofa wanga." Alamu afunsa ngati cha Kumbuyo chikulandira akuluakulu.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Mavoti aposa anthu. Wina wavotera a Masamu. Muyaya wadzilengeza wopambana tisanayambe n'kuwerenga komwe, waimirira pa desiki kuthokoza mtundu wonse. Tabwereza pokweza manja, Wailesi wapambana. Dasitala Muyaya akukana nayo, akuti nkhani ili kukhoti. Khoti lake ndi msuweni wake wa kalasi ina.

Kenaka boma latsopano lakhala pansi. Lamulo loyamba: homuweki yathetsedwa. Ndaseka, ndati ayi.

"Koma tavota, Madamu."

Ndati izi n'zina.

Wailesi: "Nanga inuyo anakusankhani ndani? Mukhala mpaka liti?"

Kalasi yonse kuwomba madesiki. Mutu wanga unatentha, ndangomva ndakuwa: "Muno wonena ndine!"

Kutembenuka, ahedi ali pazenera, akumwetulira ngati aona mwana wawo akuyamba kuyenda. Mawu awo enieni, kutulukira pakamwa panga. Ine amene!



Lachisanu, 14 Febuluwale

Andiitanitsa ku ofesi m'mawa. Ndapita nditakonzeka kuchotsedwa, mawu otsazikira ndinali nditayeserera kale m'bafa. M'malo mwake andipatsa mpando wa khushoni.

"Dzulo mwandisangalatsa, amayi. Mwayamba kukhwima. Teremu yamawa mulipo." Atsegula kabati, atulutsa dasitala yawoyawo, yatsopano, sinalaweko choko. "Kangotsala kamodzi. Kafufuteni funso lija. Makolo ayamba kundiimbira foni, ndipo ena akuyesa mukunena ine."

Njira yonse ya kukalasi ndimangoona sofa wa achemwali. Ntchito ndikuifuna, ndisaname. Ndi kungopukuta kawiri basi.

Ndaiika dasitala patebulo. Ana ndawauza zonse, za teremu yamawa zomwe. Ndati dzulo ndinalamula, lero tivote: amene akufuna funsoli lifufutidwe akweze mkono. Mumtima ndikupemphera kuti akweze, mlandu ukhale wawo.

Palibe. Muyaya wachita kukhalira manja ake. "Madamu, funsoli linandigwetsa ine. Ligwetsenso ena."

Mkono umodzi wokha wakwera, kunja kwa zenera. Ahedi.

Wailesi waimirira, wapinda mawondo mwaulemu. "Pepani bambo, simunalembetse. Ovota ndi a m'kati muno."

Wina kumbuyo kuseka kwamupulumuka, wakusandutsa chifuwa. Ahedi mkono uli m'mwamba, maso ali pa ine. Ana maso pa ine. A Masamu atulukira pakhomo ndi mabuku awo, aona mmene zilili, abwerera chambuyo.

Ndatsegula chitseko, ndawakokera ahedi mpando wanga pakati pa cha Pazenera ndi cha Kumbuyo.

"Lowani bambo, mulembetse. Koma aliyense muno amayamba wayankha funso lili pabolodi."

Choko ndapatsa Wailesi. Dasitala ya ahedi ndaiponya m'chikwama changa, n'kutseka zipi.