Kamchira Kakuopa Mbale

Amuna anga,

Ndathamangira kuntchito, mnzanga wadwala. Pepani, mbale yanu yophwatalala ija yasanduka ya ana agalu. Mayi wawo sakufunanso kuyamwitsa, ndiye ndawayambitsa chakudya. Chili pawindo. Muchinyike m'madzi ofunda mpaka chifewe ngati phala. Mayiyo mumutsekere kaye panja, apo ayi amaliza yekha.

Anayi akudya bwino, ngakhale akumalowamo ndi miyendo yomwe. Nkhawa yanga ili pa Kamchira, kowonda kaja. Sikanalawe kanthu chidzukireni, kakuopa mbale. Mukanyambititse pachala chanu pang'onopang'ono mpaka kamimba katuluke.

Musayambe zanu zija zoti galu si mwana. Dzulo ndinakumvani pakhonde mukukanong'oneza kuti, "Bwera kwa adadi."

Ndine wanu,
amake Kamchira