Mafuta a Achimwene Akununkhira Dimba Lanu

Area 23, Lilongwe
14 Ogasiti 1996

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo, kungoti madzi akuvuta ndipo fumbi lanyanya.

Nkhani ndi ya achimwene a Esau. Ntchito ya kugalaja anaisiya. Masiku ano amadzitsekera m'chipinda chakuseri n'kumatcheza mafuta a chamba. Chamba chake ndi chomwe chija anabzala m'dimba lanu, n'kukunamizani kuti ndi mankhwala a chitopa cha nkhuku.

Mafuta oyamba anatuluka obiriwira, owawa ngati ndulu, wogula anawakana. Akuti kubiriwirako ndi madzi a masamba, ndipo moto ukachuluka mafuta amada bii, fungo n'kuthawa. Pano dzanja lazolowera, akutuluka ngati uchi, akununkhira mango akupsa. Fungolo lalowerera m'zovala, moti mdzukulu wanu Dorica aphunzitsi anamufunsa sopo amene timachapira. Ndinangoseka mwachiphamaso.

Wogulayo amati ndi a Pearson. Amabwera pa galimoto yoyera, satsika, ndipo moni sayankha. Lamulungu ananunkhiza botolo nthawi yaitali. Anati chamba cha ku Nkhotakota chimamveka mandimu, koma ichi n'chachilendo, ndipo fungo lotere limachokera m'dothi. Kenaka anafunsa kumene chimamera. Mwana wanu mumamudziwa, pakamwa ngati wailesi. Anatchula Ntcheu, mudzi, mtsinje, mpaka dzina lanu. Bamboyo anangoti, "Ndiye mwini katundu ndi mayiyo, osati iwe."

Amayi, ndili ndi mantha. Munthu wa ku Kawale amene ankatchezera a Pearson mafuta poyamba anasowa mu Juni, ndipo akazi ake safuna n'komwe kufunsidwa. Ndawauza achimwene kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma amene mphezi ikuwalondola ndi ena. Angondiseka.

Pempho langa ndi limodzi. Zulani chamba chonsecho, musasiye ngakhale kamtengo, mukwirire m'dzenje. Musawotche, utsi ungakuululeni. Mukatha mukakhaleko kwa azakhali ku Dedza. Achimwene sakudziwa kuti ndalemba.

Mundiperekere moni kwa amalume a Luckson, alamu ndi ana onse, koma izi musawauze.

Chonde musadikire Loweruka. Dzulo a Pearson anabweranso, sanagule kanthu. Amangofunsa ngati galimoto imawoloka pa mlatho wa kwathu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Jacinta