Bodza Langa la "O"

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Akulembayu ndi mwana wanu Fulatiyere, Mkulu wa Sayansi m'dera lonse la Nsaru, amene anatchetcha udzu zaka zisanu kuzungulira chitini choyezera mvula. Ngati n'kotheka, imirirani.

Kuno tilipo. Fodya ali m'chigafa, chimanga chalowa ngolo zitatu, ndipo mkazi wa mwana wanga Yohane wachira, mwana wamwamuna. Makutu watengera ine, mwatsoka.

Koma ndalakwa, amayi. Mdzukulu wanga Esinati, uja tinamupatsa dzina lanu, ali Fomu 3. Tsiku lina tikusoka fodya anandifunsa chifukwa chake mawu a sayansi a Chingerezi amakhala ndi "o" pakati: themomita, spidomita, bayoloje. Ine wa Sitandade 5, m'malo monena kuti sindikudziwa, ndinakhosomola n'kumuuza kuti Azungu akapanga chipangizo ankadabwa okha n'kufuula kuti "O!", ndiye mlembi ankalemba kufuulako pakati pa dzina. Ndinkadikira kuti aseke. Iye anatenga kope n'kulemba.

Anakazinena m'kalasi ataimirira, n'kuwonjeza monyada kuti anamuuza ndi agogo ake amene anagwirapo ntchito ndi akatswiri. Ana onse anafa nako kuseka. Aphunzitsi anafotokoza kuti "o" ameneyo ngwa Agiriki akale, ankamangira mawu awiri pamodzi monga luzi pa masamba a fodya. Angerezi anangotengera, mpaka kumamangira mawu awoawo. Tsopano anzake akamuona panjira amakuwa "O!" Wajomba masiku atatu, akuti sukulu basi. Madzi amandipatsa atagwada bwinobwino, koma osandiyang'ana.

Munkandiuza kuti: "Nthabwala ndi mchere, sathira m'maso mwa mwana." Mano anditsalira anayi, koma mawu akuti "sindikudziwa" amakakamirabe pakhosi.

Choncho dzulo ndinavala jekete lija la pamaliro anu, n'kupita kusukuluko. Ndinaima pamaso pa ana onse n'kunena kuti wabodza ndine, wosekedwa akhale ine. Anawomba m'manja mpaka aphunzitsi anapukuta misozi.

Ndine wanu wokukondani,
Fulatiyere.

Amayi, inu simunkanamizika. Za dzulozo ndapeka. Ndinangofika pamtengo wa mango wa pageti, ndinamva ana akuseka m'kalasi, ndiye ndinabwerera ngati ndaiwala kanthu. Jekete ndalisiya pamsomali, sindinalibweze m'sutikesi. Lolemba ndipita, ndikulonjeza, ndipo ndimupempha Esinati ayende kumbuyo kwanga kuti ndisathawenso.