Dzina la Jelani Pamtengo

Lolemba, 6 Malichi

Marsita wabwera ndi makeke asanu ndi atatu. Mwana amene ndinamuphunzitsa kuumitsa masamba, lero ndi dokotala wa zamitengo. Akanyamula makeke ndiye kuti pali nkhani.

Akuti ayeza DNA ya mitengo ya meranti 140. Mtengo umene ndinautcha dzina la malemu amuna anga a Jelani si mtundu pawokha. Ndi womwewo wa ku Sabah, chigawo choyandikana nafe, umene mzungu wina anautcha dzina kalekale. Dzina lakale ndilo limatsala. Lamulo limeneli ndinamuphunzitsa ndine.

Lachiwiri, 7 Malichi

Ndamuimbira. Ndati makina akewo sanakwerepo mtengo. Jelani anakwera mtengowo kukandithyolera maluwa, nyerere zikumuluma, n'kumakuwa ali m'mwamba kuti ndikakana kukwatiwa naye maluwawo saponya pansi. Marsita waseka pang'ono, kenako wati, "Aphunzitsi, bwerani mudzawerenge nokha."

Lachinayi, 9 Malichi

Kosungira masamba ouma. Ndinalemba kale kuti tsamba la mtengo wa Jelani lili ndi mitsempha 14 mbali iliyonse, la ku Sabah 11. Nthawi imeneyo tinkadziwa mitengo itatu yokha. Lero masamba 212. Ena 11, ena 12, 13, 14, nthambi imodzi yomweyo. Ndabwereza. Chimodzimodzi.

Marsita amangopukuta magalasi ake. Ndamuuza kuti asiye, awabowola.

Lachisanu, 10 Malichi

Mpunga wandikanika. Manda a Jelani ali kumtunda kwa mtsinje, kumene mawondo anga safikanso. Kuno mumzinda wa Kuching ndinali ndi dzina lokhali.

Lachitatu, 15 Malichi

Kumunda wa mitengo, kukasintha chikwangwani cha dzina pamtengo wa Jelani. Ndati ndichotsa ndekha. Misomali inayi. Iwiri yazuka. Inayo khungwa linaimeza, pamodzi ndi theka la chitsulo. Zooneka ndi zilembo zitatu basi: ANI.

Marsita wati tichisiye, palibe adzadziwe. Ndamufunsa ngati ndinamuphunzitsa kunamiza anthu. Wati, "Nanga tiucheke mtengowu, Aphunzitsi? A Jelani adzatizula makutu."

Sitinaucheke. Chatsopano ndakhoma ndekha pamwamba pake, iye atandigwira m'chiuno kuti ndisagwe. Ndawerenga mokweza dzina limene mzungu uja anautcha mtengowu, kuti lilime lizolowere. Pakati pa dzinalo mawu andithera. Marsita wamaliza.