Ndowe za Chipembere cha ku Mangalande

Bradford,
19 Okutobala

Mng'ono wanga Alinane,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi mlamu ndi ana. Nanga mayi, miyendo ija yaleka kutupa? Ine kuno ndilipo, kungoti chisanu chayambanso ndipo mvula yake ndi yosadziwa kukata.

Uthenga wako ndinaumva. Wati kalata yosiyira ntchito yoperekeza alendo kuloji walemba kale, ukungodikira kutha kwa mwezi kuti uipereke, ndipo ukufuna ndikupezere malo kuno komwe ndikugwira. Pa foni sindikanakuyankha bwino, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Koma uyambe wamva za ulendo womwe tinayenda Lachitatu lapitali.

Abwana athu, mayi Edwina, anakonza zoti titenge okalamba asanu ndi atatu mwa amene timawasamalira, tikawaonetse nyama. Malo ake ndi ulendo wa maola awiri pa basi, ndipo akuwatchula kuti safari. Safari! Ine amene ndinayendetsa alendo m'nkhalango ya Liwonde zaka khumi ndi chimodzi, amene ndinakuphunzitsa iweyo kusiyanitsa phazi la fisi ndi la kambuku, ndinati chabwino, tiyeni tikaone.

Pageti anatipatsa pepala la mapu lolembedwa nthawi. Mikango nthawi yakuti, anyani nthawi yakuti. Nyama zoyendera ndandanda ngati sitima ya ku Manchester! Kenako m'basi mwathu munakwera woperekeza alendo wawo, bambo wa kabudula wa khaki ndi chipewa chachikulu, mawondo ali psuu ndi kuzizira. Tisananyamuke n'komwe, iye n'kulonjeza kuti tiona mikango isanu ndi umodzi, mpaka kuitchula maina. Iwe ukudziwa kuti pa ntchito yathu nyama salonjeza. Ukalonjeza mkango umabwerera ndi njiri.

Mikangoyo inalipodi, yonse isanu ndi umodzi. Inagona pa kapinga wotchetcha bwino, pafupi ndi kanyumba kake kotenthetsa ndi magetsi, yonenepa ngati nkhumba zoweta. Mkango wamphongo akuti dzina lake ndi Barnaby. Mbawala zinali kudya kuseri kwa waya, pamphuno pake penipeni, koma iyo osaziyang'ana n'komwe. Inangotukula mutu itamva kulira kwa galimoto yobweretsa nyama ya kubutchala. Ndinachita manyazi m'malo mwake.

Injini sanazimitse ngakhale kamodzi. Mkulu wa khaki uja anali kungolongolola pa maikolofoni zinthu zoloweza pamtima, osayang'ana pansi, osamvetsera mbalame, osafunsa komwe mphepo ikuchokera. Ife tinaphunzira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pano udekhera chiyani, nkhono yake anaimangirira pamsewu? Mbidzi zinaima pamvula limodzi ndi ngamila, ngati anthu osadziwana odikira minibasi. Anyani anali kukwera pa magalimoto, kuzula timphira topukutira magalasi, eni ake n'kumaseka, kumajambula. Nyani wotere kwathu akanalawa legeni tsiku lomwelo. Mnzanga wa ku Zambia, Nalishebo, anachita kundigunda ndi chigongono kuti ndileke kutsonya, abwana angamve.

Zonsezo ndikanapirira. Chondigwetsa chinabwera titatsika basi kuti tiyende pansi. Ine ndinali kukankha mpando wa mawilo wa agogo ena, a Doreen, amene amatha sabata yathunthu osayankhula ndi munthu. Pafupi ndi khola la zipembere wantchito wina anasiya wilibala yodzadza ndi ndowe zatsopano, zikufuka nthunzi m'chisanumo. Agogowo analoza n'kufunsa kuti chimenecho n'chiyani.

Alinane, dzanja linapita lokha. Sindinaganize. Ndinatola chibuma chimodzi, kuchiphwanya pakati, kuchinunkhiza, monga ndinkachitira m'mawa uliwonse kwathu. Ndinawauza agogowo kuti chipembere cha kwathu chimadya nthambi, ndipo m'ndowe zake mumapezeka timitengo todulidwa mopendekera ngati wina wadula ndi mpeni, kuti ukakhudza kutentha kwake umadziwa ngati mwini wake ali pafupi. Koma m'ndowe izi munali udzu wouma wogula kusitolo ndi tizidutswa ta karoti basi. Agogowo anawerama kuyang'anitsitsa, n'kuseka, n'kufunsa ngati ndinathamangitsidwapo ndi chipembere. Ndinali nditangoyamba kuwafotokozera za tsiku lija tinakwera mumtengo ndi iwe, pamene mayi Edwina anakuwa ngati aona njoka.

Mkulu wa khaki anathamanga ndi botolo la mankhwala opopera, n'kuyamba kundiphunzitsa kuti ndowe za nyama zili ndi tizilombo. Kundiphunzitsa ine! Munthu woti chipembere sanachionepo popanda waya pakati. Anandisambitsa m'manja katatu anthu akuonerera. Pobwerera anandiletsa kukhudza wokalamba aliyense, ndipo ndinakhala kumpando wakumbuyo ndekha, mpando wa agogo a Doreen akukankha Nalishebo.

Lachisanu anandiitana ku ofesi. Lipoti linali litalembedwa kale, loti ndinaika moyo wa okalamba pachiswe. Anandipatsa chenjezo la papepala, n'kunena kuti likabwera lachiwiri ntchito yatha. Kuno ntchito ikatha, viza nayo imatsatira. Ndinapepesa, ndinasaina, ndinathokoza. Bambo athu akanakhala moyo n'kundiona ndikupepesera ndowe, sindikudziwa akanaseka kapena akanalira.

Tsopano imva chimene ndakhala ndikukubisirani nonse. Chithunzi chija cha yunifolomu ya buluu, chimene mayi anapachika pabalaza n'kumauza anthu kuti mwana wawo ali kuchipatala ku Mangalande, sichinena zonse. Ntchito yanga ndi kusambitsa okalamba, kuwasintha matewera ndi kuwapukuta akadziipitsira. M'mawa uliwonse anthu khumi ndi awiri. Sindikuinyoza, ikudyetsa ana anga, ndipo ena mwa agogowa ndimawakonda. Koma kwathu ndikaphwanya ndowe za njovu, azungu ankandizungulira, kujambula, kufunsa mafunso, kutchula dzina langa bwinobwino. Kuno ndagwira chimbudzi cha anthu zaka ziwiri, palibe wanenapo kanthu. Tsiku limodzi lokha ndagwira chinthu chimene ndimachidziwa, andilembera lipoti. Zimenezi zandipweteka, m'bale wanga, sindikubisa.

Pempho langa ndi limodzi. Kalata ija usapereke. Ndikudziwa kuti malipiro akuloji ndi ochepa, ndikudziwa kuti dzinja likafika alendo amasowa ndipo pakhomo pamavuta. Pamenepo ndizithandiza monga ndingathere. Koma malo kuno sindikupezera, ukwiye ukwiye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumeneko ukakweza dzanja galimoto imaima, injini imazima, anthu akuluakulu amakhala chete kudikira kuti iwe unene. Zaka zisanu ndi ziwiri waphunzira nkhalango ija. Ukabwera kuno palibe adzakufunse za izo, ndipo tsiku limene udzalakalake kuona mkango, adzakuonetsa Barnaby.

Za matewerazi mayi usawauze. Chithunzicho chikhale pomwe chili.

Undiperekere moni kwa mayi, uwauze kuti asasiye mankhwala a miyendo. Moni kwa mlamu Tiya ndi ana, kwa achemwali a Patuma ndi amuna awo, kwa amalume ku Ntaja, komanso kwa anzathu onse kuloji. Mlamu wako ndi ana kuno akupereka moni.

Mawa m'mawa ukatuluka ndi alendo, ukapeza ndowe zatsopano panjira ya kumtsinje ija, uimitse galimoto. Utsike, uziphwanye ndi manja ako, ununkhize, uwauze alendowo kuti mwini wake wadutsa nthawi yanji. Uchitireko ndi ine yemwe. Ine shifiti yanga yayandikira, ndikupita kukavala magolovesi.

Ndine mkulu wako,

Ernest