Machubu Anu Ayaka

Lachinayi, 11 Julayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tiliko, kungoti chisanu cha chaka chino chawalowa amayi m'zala.

Wamagetsi munatuma uja anabwera Loweruka. Anachotsa mababu onse, pabalaza, kukhitchini ndi kuzipinda, n'kukhoma machubu aataliatali aja. Ndisaname, kuwala akuwala. Amayi analowetsa okha ulusi pasingano, zimene anasiya kalekale, mpaka anaomba m'manja. "Mwana wanga wandigulira maso," anatero. Inenso ndinakudalitsani, chitsiru ine.

Koma kuwala kwake n'kwa kuchipatala, achimwene. Mababu athu achikasu aja ankatibisira mng'alu wa pakhoma ndi zigamba za pasofa. Machubuwa sasunga chinsinsi: tsiku loyamba lomwelo ndinaona makwinya a amayi amene sindinkawadziwa. Ukawayatsa amayamba aphethiraphethira ngati munthu wabodza, kenako n'kumalira ngati udzudzu. Komanso alibe kutentha. Mukukumbuka babu la pamwamba pa mashini osokera, limene malemu bambo analitsitsa dala ndi chingwe chachitali? Zala zikauma, amayi ankaliothera pang'ono n'kupitiriza kusoka. Pano amakwezabe manja mwachizolowezi, n'kupeza palibe.

Ndinamupempha wamagetsiyo kuti atisiyire limenelo lokha. Anapukusa mutu.

"Abwana anati lisatsale ndi limodzi lomwe, achemwali. Mababu achikasu amakalambitsa nyumba pachithunzi. Ogula amafuna poyera."

"Ogula chiyani?" ndinamufunsa.

Anangoyamba kufunafuna pulayazi imene inali m'manja mwake momwemo.

Lolemba masana kunabwera bambo wina wa jekete, atanyamula kamera. Anati mwamutuma ndinu, ndipo anandiyatsitsa machubu onse dzuwa likuswa mtengo. Amayi anaganiza kuti zithunzizo n'zoti zibwere kwa inu. Anathamangira kuchipinda, ndi miyendo yawo ija, kukavala diresi la kutchalitchi, n'kudzakhala pamashini akumwetulira. Bamboyo anati, "Mayi, tapatukani pang'ono, mukutchinga zenera." Anapatuka, achimwene. Anakaima pakona, atagwira m'mphepete mwa diresi lawo, kudikira kuti awaitane. Sanawaitane.

Ndinamutsatira panja. Sanabise n'komwe. Akuti nyumba ikugulitsidwa, ndipo ofuna kuiona ayamba kubwera mwezi wamawa.

Kodi manyazi munawasiya kuti? Bambo anaika nyumbayi m'dzina lanu poti ndinu woyamba, kuti munthu asadzatichotsemo. Lero wotichotsa ndinu. Mukanangonena poyera, ndikanalira, tikanakangana, mwinanso ndikanamva vuto lanu. Koma munandiimbira foni ndi mawu okoma, "Maso a amayi akundidetsa nkhawa." Ineyo ndi amene ndinamutsegulira chitseko wamagetsiyo, n'kumugwirira makwerero. Chikomekome cha mkuyu! Mtima ukundiwawa, ndipo ndakukwiyirani kuposa mmene ndinakwiyirapo munthu wina aliyense.

Ndiulule ziwiri. Babu la pamashini ndinaliba m'katoni ya wamagetsi, ndalikulunga m'sokosi ya bambo. Polilumikiza palibe, anadula chingwe, koma ndalisunga. Chachiwiri, amayi sakudziwa kanthu. Atandifunsa chifukwa chimene sanawajambule, ndinati kamera inatha batire. Mwandisandutsa wabodza nanenso.

Ine sindiwauza. Imeneyo ndi ntchito yanu, ndipo osati pafoni. Mubwere, mudzakhale pasofa ya zigamba, pansi pa machubu anuwa. Paja maso mwawagulira. Adzakuonani bwinobwino nkhope mukamalankhula.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi ali pompano pamashini, akupuma pang'ono, manja awaika m'khwapa kuti afunde. Akukusokerani malaya. Akuti musamadzipanikize ndi ntchito, ndipo ndisaiwale kulemba kuti pa ana awo onse, amene mumawaganizira ndinu.

Ndalemba monga anenera.

Ndine mlongo wanu,
wogwira makwerero uja