Dzino la Kachitsa

Lachitatu, 19 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, komanso kuti msana uja wasiya kukuvutitsani. Kuno tili bwino, kungoti Amayi akudandaula kuti foni mumaidula msanga ngati ikukuotchani. Ine ndasankha kalata dala, chifukwa pafoni mukanayamba kundiseka ndisanafike n'komwe pakati.

Mukudziwa kuti kusukulu kwathu ndine ndimatsogolera kalabu ya atsikana. Aphunzitsi aamuna amanditcha Mayi Ufulu akamaganiza kuti sindikumva, ndipo dzinalo sindidana nalo. Koma mwezi uno Mayi Ufulu wanuyu waponda pamoto.

Kuseri kwa kalasi yomaliza kuli mchenga umene amisiri anausiya atamaliza kumanga. Anyamata amathamangira kumeneko nthawi yopuma kukachita masewera amene amati chigwetsano. Ine masewerawa ankandinyansa: mabatani kuthothoka, malaya kung'ambika, mchenga mpaka m'makutu. Ndiye masabata atatu apitawo kamnyamata ka m'kalasi mwanga, kakafupi konenepa kamene anzake amati Kachitsa, kanalowa magazi ali chuchuchu m'kamwa, dzino lakutsogolo litathyoka pakati. Ndinafunsa kuti wachita ndani. Maso anga anangopita okha kwa mnyamata wamkulu kuposa onse, wobwereza kalasi, amene amamutcha Chimphona.

"Ndiwe eti?"

Anayang'ana pansi. "Ngati mwatero, madamu."

Ndinaona ngati mwano. Tsiku lomwelo ndinalembera ahedi kuti masewerawo aletsedwe ndipo Chimphona aimitsidwe sukulu. Ndinawonjezera mawu amene lero akundichititsa manyazi, akuti amuna omenya akazi amayambira pamchenga ngati umenewu. Ahedi analetsa masewerawo, koma za kuimitsa mwana anati zidikire msonkhano wa makolo, ndipo podikira azisesa bwalo.

Mawa lake kunabwera bambo wina wokonza magalimoto, ovolosi ili mafuta okhaokha. Iwowa amatsogolera kagulu komenyera ufulu wa abambo, kamene kamakumana Loweruka lililonse pagalaja pawo. Mwana wawo ali m'kalasi mwanga, kamtsikana kowonda kosayankhulayankhula kamene anzake amati Nsingano. Koma sanabwerere mwana wawo, anabwerera anyamata onse.

"Madamu," anatero a Makaniko, "mwana wamwamuna ali ngati injini. Mukatseka potulukira utsi imaphulika. Sukulu yonseyi mwadzaza azimayi, mukufuna anyamata azikhala phee ngati maluwa."

"Injini yanuyo yathyola dzino la mwana wa eni," ndinayankha.

"Chabwino. Koma mnyamatayo munamufunsa bwinobwino, kapena munangoona msinkhu?"

Ndinawayankha zambiri, Achimwene, mukundidziwa pakamwa. Koma atapita, funso lawolo linatsala likundilasa ngati munga wa m'nsapato. Ndinaganiza zopeza umboni woti ndikawatseke nawo pakamwa kumsonkhano. Chipinda chosungiramo mabuku chili ndi kazenera koyang'ana kumchengako, ndiye masiku atatu ndinkabisala m'menemo nthawi yopuma, mzimayi wamkulu ndithu, nditakwera pabokosi la choko. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anyamatawo sanasiye masewera awo, anangoika mlonda woti azitsokomola akandiona. Koma zimene ndinaona sindinaziyembekezere. Kani chigwetsanocho chili ndi malamulo! Nsapato amavula. Kugwira pakhosi n'koletsedwa. Wapansi akamenya mchenga kawiri, mnzakeyo amamusiya pomwepo, n'kumudzutsa, n'kumusansa fumbi kumsana. Ang'onoang'ono amalimbana okhaokha. Wina anakoka mnzake khutu, gulu lonse linamutulutsa mpaka mawa. Ine zaka zonsezi ndinkangomva phokoso, osadziwa kuti kuseri kwanga kuli khoti lachilungamo kuposa langa. Kodi malamulo amenewa amawaphunzitsa ndani? Inunso munali nawo anu?

Tsiku lachitatu ndinaona kamtsikana kakubwera chozemba. Kanavula nsapato, n'kupisira diresi m'kabudula amene kanavala mkati. Nsingano! Anagwetsa anyamata awiri ndisanaphethire n'komwe. Atalozera Kachitsa, iye anapukusa mutu n'kugwira pakamwa, anzake n'kuseka chamumtima. Pamenepo ndinangotsika pabokosi paja.

Ndinakapeza Chimphona akusesa. "Bwanji sunanene kuti si iwe?"

"Kachitsa akanasekedwa mpaka kumaliza sukulu, madamu, kuti anagwetsedwa ndi mtsikana. Nsinganonso kwawo sikukanakhala bwino." Anapitiriza kusesa, kenako anati, "Ine ndinazolowera. Chikasweka chilichonse mumayamba mwayang'ana ine."

Sananene mokwiya ayi, ananena ngati akundiuza kuti kunja kukutentha. Bola akanandilalatira.

Msonkhano unachitikira m'kalasi mwanga, makolo atapanikizana m'madesiki a ana, maondo m'mwamba. A Makaniko anabwera ndi anzawo anayi ndi pepala lodzaza mbali zonse. Ndisanawapatse mpata ndinaimirira n'kunena kuti ndinalakwa, mnyamatayo sanachite kanthu, ndipo ndinamuweruza chifukwa cha thupi lake ndi mawu ake aakuluwo. Dzina la wothyola dzino sindinatchule. A Makaniko anapinda pepala lawo mokondwa.

"Mwaona! Nanga wachita ndani? Mwamuna weniweni amavomera."

Chitseko chinatseguka pang'ono. Kani ana anali atamatirira kukhoma kumvetsera. Nsingano anasuzumira m'kalasimo.

"Ndinali ine, adadi. Sindinachite dala, anagwera pa bondo langa."

Achimwene, mukanaona nkhope ya bambo aja! Anayang'ana mwana wawo ngati galimoto imene sanaionepo.

"Iwe? Ndi timikono timeneti?"

"Si mikono, adadi, ndi mwendo. Umakola kuseri kwa bondo, iye n'kudzigwetsa yekha ndi kulemera kwake."

Ndinaona ndi maso angawa milomo yawo ikufuna kumwetulira, kunyada kukutuluka kokha. Kenako anakumbukira anzawo anayi aja, n'kukwinya nkhope. "Mtsikana sachita zimenezo."

"Nanga iyeyu utsi wake uzitulukira kuti?" ndinafunsa.

Chipinda chonse chinafa ndi phwete, mpaka mayi ake a Kachitsa amene anabwera atakwiya. A Makaniko anangoti, "Madamu, inu ndi ine tonse tagwa lero." Ndipo sananame.

Ahedi analamula kuti chigwetsano chizichitika Lachisanu lokha, mphunzitsi alipo, kwa mwana aliyense amene kholo lake lasayina. Mphunzitsiyo ndine, wezulo pakhosi, ndipo Chimphona ndiye amandinong'oneza malamulo. Ndinamupepesa pamaso pa kalasi yonse. Amandipatsa moni mwaulemu, koma kumaso sanayambe kundiyang'ana, ndipo sindikumukakamiza. Makalata amene makolo asayina abwera makumi awiri ndi atatu a anyamata, anayi a atsikana. Ya Nsingano palibe. Bambo ake anabweretsa matayala akale ozunguliza mchengawo kuti ana asamagwere pamiyala, koma cholembera chikuwalemerabe. Mwanayo amakhala pa tayala n'kumakuwa, "Mwendo, iwe, mwendo!"

Tsopano chimene ndalembera kalatayi. Mukukumbuka ndili ndi zaka khumi, inu khumi ndi ziwiri, tsiku lija ndinakugwetsani pakhonde anzanu akuona? Amayi anandikokera m'nyumba n'kundiuza kuti mtsikana salimbana, ndipo kuyambira pamenepo sindinalimbanenso. Nkhani imeneyi ndakhala ndikuwafotokozera atsikana a m'kalabu chaka ndi chaka, kuti aone mmene amatimangira manja tikadali aang'ono. Ndipo ndi yoona, sindikuibweza. Koma sabata ino m'pamene ndakumbukira kuti nkhaniyo ili ndi mbali ina. Ababa anavula lamba n'kukwapula inu, osati ine, uku akunena kuti, "Mwamuna wanji wogwetsedwa ndi mlongo wake?" Ine ndinamva zonse ndili kuchipinda. Zaka makumi atatu ndakhala ndikusimba nkhaniyi, inu mulimo ngati munthu wongogwa basi. Sindinafunsepo kuti munadzuka bwanji.

Simunasewerenso nane kuchokera tsiku limenelo, ndipo ine ndinkati n'kunyada kwa anyamata. Kodi kunali kunyada, Achimwene? Ndikufunsa chifukwa ndikufunadi kudziwa, osati kuti ndipeze choyankha. Mukayankha ndidzangowerenga, pakamwa nditatseka, ngakhale mukudziwa kuti kwa ine imeneyo ndi ntchito yaikulu.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija ndinasoketsa ndipo yandikhala. Ana onse muwapsompsone, makamaka wamng'onoyo amene mumati amalira msanga. Mulekeni azilira. Amayi akuti muwaimbire Lamlungu, ndipo musadule msanga.

Ndine mlongo wanu amene anakugwetsani kamodzi, ndipo wachedwa kwambiri kukudzutsani,

Mayi Ufulu